Fungo limene ankabwera nalo Loweruka

Amuna anga anayamba kununkhira m'chaka chachiwiri cha banja lathu, nthawi ya Chitaganya. Anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye pa Mtakataka, ndipo tinkakhala kwathu, pachikamwini, kutsidya kwa njanji. Kwawo kunali kumapiri a ku Ntcheu. Podzafunsira mbeta anabwera ndi msuweni wawo yekha, nanena kuti makolo awo onse anamwalira kalekale. Amalume anawalola chifukwa anali munthu wa ntchito yamanja, wosamwa, wosasuta.

Fungo lawo ndinkalidziwa: mafuta a makina, nsalu yatsopano ndi thukuta. Ndiye Loweruka lina madzulo anafika pa njinga, ine ndikuwalandira chipewa, mphuno zanga zinakumana ndi chinthu chachilendo. Silinali fungo lotsekemera la maluwa ngati la mafuta amene atsikana ankadzola popita ku Misa. Ili linali louma, ngati thabwa la mlombwa longopalidwa kumene, ndipo linkakanda kukhosi pang'ono ngati tsabola. Kunena zoona linali fungo labwino, ndipo ubwino wakewo ndi umene unandiopsa.

"Mwadzola chiyani?" ndinafunsa.

"Timafuta tinatake ta kusitolo. Tachimuna."

"Nanga mwayamba liti zodzoladzola?"

"Kodi munthu osanunkhirako?" Anaseka, koma maso ali pa tcheni cha njinga.

Ndinayamba kutchera mphuno. Pakati pa sabata fungolo kunalibe. Linkabwera Loweruka lokha, tsiku limene ankati akukapereka zovala za anthu ku Golomoti. Chimene chinandisokoneza kwambiri n'chakuti m'mawa ankanyamuka akununkhira sopo basi. Mwamuna wofuna kusangalatsa mkazi wina amadzola popita. Awa ankadzola pobwera.

Ndinasakasaka m'sutikesi, kudenga, mpaka m'dengu la zigamba, osapeza kanthu. Kabotolo kake ndinadzakapeza m'kachikwama ka masipanala kolendewera pansi pa chishalo cha njinga, kofiirira, kotsala theka.

Amayi aakulu, amene anandilera amayi anga atamwalira, anali munthu wosakhulupirira ngakhale mthunzi wake. Ndinawatengera malaya a amuna anga kuseri kwa nkhokwe. Ananunkhiza pakolala, ananunkhiza m'khwapa, kenaka analavula.

"Ili si fungo la mkazi," anatero. "Akazi sadzola zonunkha matabwa. Koma usasangalale, mwanawe. Pansi pake pali fungo lina. Pali chimene akukwirira mkamwini ameneyu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkaona chilichonse. Shuga ankatha msanga. Sopo wa mtanda ankafupika yekha. Tsiku lina ndinapeza mpukutu wa fodya m'thumba la jekete, chonsecho iwo sasuta. Kenaka, pansi pa zovala zoti akapereke, ndinapeza malaya aakulu opanda mabatani ndi tinsapato tansalu tosokedwa mochindikala, tatifupi ngati ta mwana koma totambalala. Ndinatigwira m'manja n'kutiyang'anitsitsa. Ine ndinali ndi mimba yanga yoyamba, ndipo maganizo anandiuza kuti kwinakwake kuli mwana amene wayamba kale kuyenda.

Mayi wina wa ku Golomoti ankabwera kwathu kudzagulitsa mphasa. Ndinamufunsa ngati mocheza kuti amuna anga amafikira pati akapita kwawoko.

"Atelala aja? Chaka chino sitinawaoneko n'komwe," anayankha.

Loweruka lotsatira ndinalawirira. Ndinauza amayi aakulu kuti ndikupita kuchipatala kukaonetsa mimba, ndipo ndinakabisala kuseri kwa mlambe, pamene njira ya ku Mua imapatukira. Dzuwa litakwera ndinamva njinga. Anali iwo, katundu ali pakaliyala. Sanapitirire ya ku Golomoti, anakhota. Ndinalondola mapazi a matayala m'mchenga. Sanalowere kutchalitchi, ndipo sanalowerenso kusukulu. Anatsata kanjira kamene ife tonse tinkakalambalala kuyambira tili ana, kopita kumudzi wa odwala khate.

Ndinaima nthawi yaitali. Koma ndinali nditayenda kale mtunda wonsewo, ndiye ndinalowa kanjirako.

Ndinawapeza pakhonde la kanyumba kakumapeto. Nkhalamba inakhala pamkeka, itavala malaya opanda mabatani aja, tinsapato tija tili kumapazi amene analibe zala. M'manja namonso zala zinali zitatha. Amuna anga anagwada kutsogolo kwake, akuimeta ndevu ndi lumo, pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira chibwano. Pamenepo ndi pomwe ndinamva fungo lapansi lija limene amayi aakulu ananena: fungo la mabala ndi la mafuta a mankhwala amene odwalawo ankabayidwa. Linali lolemera, lokakamira m'nsalu.

Nkhalambayo ndi imene inayamba kundiona.

"Iwe, kuli mlendo."

Amuna anga anacheuka. Sanadzidzimuke monga ndinkayembekezera. Anangotsitsa lumo, n'kulipukuta pabondo.

"Bambo," anatero ndi mawu otsika, "awa ndi apongozi anu."

Ndinagwada pomwe ndinaimapo. Sindikudziwa ngati unali ulemu kapena mantha amene anandiletsa kusendera.

"Khalani pomwepo, mayi, musavutike," inatero nkhalamba. Maso ake anatsikira pamimba panga, nakhalapo. "Kwanu akudziwa kuti mwabwera kuno?"

"Ayi."

"Musamukwiyire mnyamatayu. Ndinamuuza ndine kuti azinena kuti ndinafa. Anakhala zaka osabwera, monga ndinamulamulira. Chaka chino wayamba kusamva."

Pobwerera tinaima pamtsinje. Apo amuna anga anatsamiritsa njinga, anavula malaya, nasamba ndi sopo mpaka m'mapewa. Kenaka anatulutsa kabotolo kaja, anadontheza m'manja, napaka m'khosi ndi m'mikono, ine ndikuyang'ana.

"Poyamba ndinagula otsekemera aja," anatero osandiyang'ana. "Atasakanikirana ndi fungo la kuja, ndinkanunkha ngati mango owola. Mmwenye anandipatsa awa, akuti amadzola amuna akameta. Awa okha ndiwo amakwirira."

"Bwanji osandiuza?"

"Amalume anu akanadziwa, akanandipatsa inu?"

Yankho tonse tinkalidziwa. Anandikweza pakaliyala, tinabwerera kumudzi.

Wina angaganize kuti mtima wanga unakhala pansi. Ayi ndithu. Nkhawa ya mkazi wina inatha, inalowa ina. Akamasamba ndinkanamizira kuwabweretsera madzi owonjezera kuti ndione msana wawo. Paphewa anali ndi kabanga koyererako, kamene mwina anabadwa nako, koma ine ndinali ndisanakaonepo bwino. Ndinali nditamva kuti banga la khate silimva kuwawa. Tsiku lina masana atagona pamkeka, ndinatenga singano yawo yomwe n'kuwabaya pomwepo. Analumpha ngati alumidwa ndi nkhanira. Anayang'ana singano, anayang'ana ine.

"Ndamva," anatero. "Mwakhutira?"

Ndinakhutira kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mwana atabadwa, ndinkamutembenuza padzuwa pomusambitsa, kufufuza khungu lake lonse mpaka kuseri kwa makutu.

Amayi aakulu sanasiye kundifunsa zimene ndinapeza. Ndinkangoti palibe. Iwo ankandiyang'ana ngati nanenso ndalowa m'chiwembu, ndipo sankalakwa. Koma njira ya ku Mua simayenda munthu mmodzi. Wina anawaona amuna anga akutuluka kumudzi kuja, ndipo nkhani inafika kwa amalume mwana asanayambe kukwawa.

Anatiitanitsa pabwalo la nyumba yawo. Mkeka umene anapatsa amuna anga anauyala patali.

"Akamwini, munatiuza kuti bambo anu anamwalira."

"Ndinatero."

"Ndiye mwatibweretsera magazi amenewa m'mudzi muno mwakachetechete. China chimene mukubisa n'chiyani?"

"Palibe china."

"Tikhulupirire bwanji?"

Amuna anga anangowerama. Amalume anagamula kuti asankhe: asiye kupita kuja, kapena achoke pamudzi. Iwo anayankha mwaulemu kuti bambo awo sangathe kudzimeta okha. Ine palibe anandifunsa, koma pamene ankamanga katundu pa njinga, ndinabereka mwana, ndinasenza mtolo wanga n'kuwatsata. Tinakakhala m'kanyumba ka kuseri kwa sitolo.

Patapita zaka kunabwera mankhwala a mapiritsi, ndipo mabala a apongozi anauma, ngakhale zala sizinabwerere. Asisitere a ku Mua amene ankawasamalira anawauza kuti atha kupita kwawo, koma iwo anakana, amvekere kwawo anawalira kale maliro. Tsopano tinkapita tonse kukawaona. Mdzukulu wawo anayamba kumuonera patali, kenaka tsiku lina mwanayo anangothamanga yekha n'kukakhala pamiyendo pawo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane, koma ndinatseka. Khate silinagwire aliyense m'nyumba mwathu.

Amalume sanapondepo pakhomo pathu. Amayi aakulu okha ankabwera, makamaka ndikachira mwana wina. Ankanyamula ana, ankandithandiza kusinja, ankacheza ndi amuna anga bwinobwino. Koma nthawi ya tiyi ikakwana, ankamasula kansalu m'chiuno n'kutulutsa kapu yawoyawo imene anachokera nayo kumudzi. Anachita zimenezi mpaka imfa yawo.