Waya amene ndinamanga "kaye"

Ndinadulitsa mnzanga zala zinayi za dzanja lamanja, ndipo mpaka lero mwiniwakeyo sadziwa kuti ndine. Sindinagwire mpeni ayi. Ndinagwira tepi wakuda uja timakulungira mawaya. Inu owerenga, musayembekezere misozi m'nkhaniyi, poti ine mumtimamu munangoti zii, ngati mwendo wochita dzanzi.

Ndimagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina yothira mafuta ophikira m'mabotolo ku Makata. Ndaigwira zaka zambiri, moti sindinkafuna kuuzidwa ndi munthu. Makina atsopano atafika, anabwera ndi mawaya awoawo obiriwira, a khungu lochindikala, onyamula mauthenga kuchoka ku kompyuta kupita ku makina. Kumapeto kwake kuli mapulagi achitsulo omanga ngati nati, okhala ndi kamphira m'kati kuti madzi ndi mafuta asalowe. Injiniya amene anawaika anatiuza kuti waya wotere akaduka salumikizidwa, amachotsedwa yense. Ine chamumtima ndinati, aaa, mwana wadzulodzulo uyu andiuza chiyani, waya ndi waya basi.

Tsiku lina chigalimoto chonyamulira katundu m'fakitalemo chinaponda waya wopita ku makina otsekera mabotolo n'kumudula. M'sitolo munalibe wina. Ntchito inaima, malole a ogula a ku Limbe ali pamzere panja, bwana akungozungulira kumbuyo kwanga. Ndinasenda wayayo, ndinapota timawaya tam'kati kamodzikamodzi, n'kukulunga tepi. Makina analira. Anthu anandiwombera m'manja, ine n'kunena kuti, "Ndamanga kaye, watsopano akabwera tisintha."

Watsopanoyo anabweradi patatha milungu iwiri. Ndinasainira ndekha, n'kumuponya m'kabati mwanga pamwamba pa ovolosi. Kusintha kunkafuna kuimitsa makina, kupempha chilolezo, kulemba mapepala, ndiye ndinkangoti mawa. Chinthu chikugwira ntchito uchivutitsirenji? Miyezi inayi inatha choncho.

Pa makinawo pankagwira a Yusufu, bambo a ana asanu, mnzanga wokwera naye minibasi m'mawa uliwonse. Lachisanu akamapita kumzikiti, ine ndinkawayang'anirako makinawo. Iwo ndiwo anayamba kudandaula kuti makina akumakomoka. Ankangoima okha, kenako n'kudzukanso okha, makamaka tikatsuka pansi ndi paipi. Ine ndinadziwa nthawi yomweyo kuti madzi akulowa pa tepi paja, uthenga ukumaduka n'kubwereranso. Ndinawauza kuti ndiona.

Linali Lachiwiri m'mawa, tisanamwe n'tiyi yemwe. Makina anaima botolo litapingasa. A Yusufu anaganiza kuti aimiratu, ndiye analowetsa dzanja kuti aliwongole. Uthenga unabwerera, makina n'kudzuka dzanja lili m'kati. Kukuwa sindinakumve, ndinangomva mapazi a anthu akuthamanga.

Tamvani tsono chimene ndinachita. Anzanga atawanyamula kupita nawo kuchipatala, ine sindinakwere nawo. Ndinatsegula kabati, ndinatenga waya watsopano uja n'kumuika. Mphindi makumi awiri zokha, abale. Wakale uja ndinamupinda n'kumubisa m'chikwama, ndipo poweruka ndinamutaya mu mtsinje wa Mudi. Akuluakulu atabwera kudzafufuza anapeza zonse zili bwinobwino, waya wonyezimira, mapulagi omangika. Amene anandiwombera m'manja aja anali ataiwala kalekale za tepi. Analemba kuti a Yusufu anaphwanya lamulo polowetsa dzanja asanazimitse makina. Atandifunsa ine, ndinati palibe chimene ndikudziwa. Ntchito ya a Yusufu inathera pomwepo.

Patatha mwezi ndinakawaona kwawo ku Mpingwe, nditanyamula shuga. Ndinanyamuka ndi mtima woti ndikaulule. Akazi awo anandilandira ngati mbale wawo. A Yusufu anatuluka dzanja lili m'bandeji. Munthu amene moyo wake wonse ankadya ndi kupereka moni ndi lamanja anatambasula linalo mwamanyazi, nati, "Pepani achimwene, landirani lamanzereli kaye."

Kaye. Ngati kuti zala zimaphukanso.

Ndinalandira dzanjalo. Anandithokoza kuti pa anzawo onse a kuntchito, ine ndekha ndiye ndinawakumbukira. Ndinamwa tiyi wawo mpaka kutha, ndinatsanzika, ndinakakwera minibasi. Mawu amene ndinapita nawo ndinabwerera nawo.

Ntchito ndikugwirabe pomwepo. Ndimadya, ndimagona, Lamulungu ndimaimba nawo kutchalitchi. Koma sindimva kanthu, kukoma kaya kuwawa. Mkazi wanga amati ndasanduka chitsa, ndipo sindimutsutsa. Ndikamadutsa pa makina aja ndimayang'ana waya wobiriwirayo. Sanavutepo ngakhale tsiku limodzi.

Inu amisiri anzanga, waya wa makina a masiku ano si wa wailesi yakunyumba. Akakuuzani kuti salumikizidwa, mverani, ngakhale wonenayo akhale wamsinkhu wa mwana wanu. Mnzanu akakuuzani kuti makina akuchita zachilendo, musamuyankhe kuti ndiona pamene mukudziwa kale chifukwa chake. Ndipo ngati pali pamene munamanga kaye, pitani lero lomwe mukamasule, bwana akalipe mmene angakalipire. Kaye wangayo ankafuna mphindi makumi awiri basi. Wa a Yusufu sadzatha.