Tsiku limene mlamba unanditsekera pa damu

Anyamata inu, amene safuna kukhulupirira anyamuke pompano, akathandize akazi ake kusenda mtedza. Otsalanu tcherani khutu. Ine ndinamangidwapo tsiku lathunthu pakati pa madzi, popanda wapolisi, popanda unyolo.

Chinali chaka chimene ndinkafunsira mayi wakunyumbayu. Malume anali atapangana kale ndi akuchikazi za tsiku lokaonekera, koma mayi ake a mtsikanayo, amene lero ndi apongozi anga, sankandiwerengera. Ankauza anthu kuti ndine wapakamwa chabe, ndipo mwana wawo sadzadya nthabwala. Mawuwo anandipeza. Ndinati chabwino, ndiwapititsira nsomba yoti akaiona ayambe akhala pansi.

Ndinabwereka bwato kwa mdala wina wolima dimba kumunsi kwa damu lakwathu, cha ku Pembamoyo. Bwato lamalata, zigamba zokhazokha, lakale kuposa msewu wa ku boma.

"Mphwanga, limeneli limamwa madzi kuposa ng'ombe," anatero mdalayo. "Usapite nalo patali."

"Madala, ine ndinabadwira m'madzi," ndinawayankha. Kusambira sindidziwa mpaka lero.

Ndinapalasa mpaka pakati penipeni, nyongolotsi zili m'chitini. Mbedza itangomira, chinagwira. Mlamba, anyamata! Mutu ngati chitseko cha minibasi ya ku Chipata, ndevu ngati zingwe zomangira ngolo. Unandikoka kupita kuchipupa cha damu, kubwerera, kuzungulira, mpaka ng'ombe zimene zinkamwa madzi zinaleka n'kumaonerera.

Tsono damu limenelija potulukira ndi pamodzi pokha, pa miyala pamene amayi amachapira. Kwina konse ndi bango, matope ndi misundu. Ndikuti ndicheuke, ndinangoona mzere wa amayi akutsika ndi mabeseni pamutu. Patsogolo penipeni, apongozi. Sanabwere ndi timalaya ayi. Mabulangeti! Ndipo mukudziwa, bulangeti salinyamula lisanaume.

Ndinadziwiratu kuti ndikatsika pamenepo iwo akuona, ukwati wathera pomwepo, malume asavutikenso kuchapa jekete lawo.

"Akamwini!" anakuwa mayi wina wa m'gulumo, mnzawo wa apongozi wa ku tchalitchi. "Zikugwira?"

"Zikugwira, amayi!"

"Bwerani nazo tione!"

"Ndikulimbana nayo kaye, ndi yaikulu!"

"Kulimbana mutakhala pansi chonchi? Taimirirani, muikoke ngati mwamuna!"

Onse anaseka. Ine sindinaimirire.

Dzuwa linafika pamutu. Malata a bwato anatentha ngati chiwaya chokazingira chimanga. Madzi ankalowabe pang'onopang'ono, ine ndikukapa ndi chitini cha nyongolotsi, mobisa, dzanja lina litagwira ndodo ya mbedza kuti ndizioneka msodzi. Ntchentche zinandipeza. Njala inandipeza. Mwendo unachita dzanzi mpaka ndinaiwala kuti ndi wanga. Kumtunda amayi atayanika mabulangeti anakhala pamthunzi, nayamba kulukana tsitsi, nyimbo zakwaya zili pakamwa. Ndinapemphera kuti kubwere mvula. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli mbee.

Dzuwa litapendeka anapinda mabulangeti n'kuyamba kukwera mtunda. Apongozi anatsalira. Sanandiyang'ane, paja mkamwini sayang'anizana naye. Anandifulatira, nalankhula ngati akuuza bango:

"Chitenje ichi chandikwana. Ndachisiya pachitsa apa, mwina chithandiza wina."

Anakwera mtunda osacheuka.

Mwayamba kale kufunsa kuti mlamba uja unapita kuti. Chabwino, khalani chete, ndinena, koma izi zithere pano.

Mlamba kunalibe. Mbedza yanga tsiku limenelo sinagwire ngakhale chule. Chinachitika n'chakuti nditangofika pakati, chigamba china chinamatuka, madzi n'kuyamba kutumphuka ngati pa mjigo. Ndinavula buluku n'kutsekapo. Bowo linameza. Ndinavula kabudula wamkati n'kuwonjezera. Pamene amayi ankatsika ndi mabeseni, ine ndinali nditakhala pa malata otentha, shati yokha, nditaikokera mpaka m'mawondo. Kuti ndizule buluku, bwato limira. Kuti ndilisiye, nditsika monga ndinabadwira.

Ndinkaganiza kuti palibe anadziwa. Mkazi wanga anadzandiuza tili m'banja kale kuti mwendo wa bulukulo unatulukira kunsi, ndipo tsiku lonse unkayandama pambali pa bwato, gulu lonse likuuona. Mayi ake atafika kunyumba anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anati, "Wabodza ndithu, koma manyazi ali nawo. Abwere."

Kumudzi ndinalowa nditamanga chitenje chamaluwa, ndikudzera m'minda. Ndi chomwechija mumachiona mkazi wanga akuberekera mwana wathu. Wina akadzachitchula pamaso pa apongozi, ubwenzi wathu watha.