Zala za atata pa ndodo ya mbeza

Mwachoma bwanji ana anga ndi adzukulu.

Lero ndimakonza ndodo ya mbeza ya atata, ambuye anu. Nsungwi ndasintha kambiri, koma chogwirira cha mtengo wa mupani ndi chakale chomwe. Malegeni a mphira amene ndinakulungapo ndili mnyamata aola, ndiye ndawamasula.

Pansi pake ndapeza luzi la mlambe lomatidwa ndi phula la njuchi. Kuno ku Feira m'ma 1950 timatero: mwini ndodo amagwira phula likali lofunda kuti dzanja lake lidindike. Zala za atata zilipo zonse, mmene anazisiyira popita kukagwira ntchito ku Walale kumene sanabwereko.

Ndaikamo dzanja langa. Silinakwane! Munthu amene ndimamuona ngati chiphona uja anali ndi kadzanja kochepa kuposa langa.

Ndatembenuka kuti ndionetse munthu, koma pakhonde panali nkhuku chabe. Onse owadziwa atata anatha, ndatsala ndekha.

Manje ndithandizeni nzeru. Phula limaterera, ndipo manja anga ayamba kunjenjemera, nsomba ya mcheni ingandilande ndodo. Malegeni atsopano ndadula kale. Kodi ndiwaphimbenso atata?