Mawu a Bambo M'wailesi ya a Kapitawo

Fungo la fumbi likamapsa pa galasi lotentha sindinalimvenso chichokereni pa esiteti ija ya kuseri kwa Nathenje, koma nditalimva lero ndingalizindikire nditatsinzina. Linkachokera m'kachipinda ka malata koyandikana ndi injini ya magetsi, imene bambo anga ankaiyang'anira. Inali nyengo yothyola fodya. Zigafa zinali zodzaza, manja a aliyense ali bii ndi utomoni, ndipo ine ndinali ndisanathe msinkhu.

Mzungu amene ankayendetsa esitetiyo, pobwerera kwawo, anawasiyira bambo wailesi yachilendo, yoti munthu n'kuyankhuliramo ena akutali n'kumva. Vuto lake, mawu ankatuluka ofooka. Ndiye bambo anayamba kupanga bokosi lina lowonjezera mphamvu. Anaboola lata, anakulunga waya wamkuwa pa kansungwi, n'kuimikamo timabotolo tagalasi timene ankati mavalavu. Akayatsa, timabotolo tija sitinkapupuluma. Tinkafiira pang'onopang'ono ngati khala la m'phulusa, bambo akudikira. Pogwira m'katimo dzanja limodzi ankaliika m'thumba, ati magetsi a mmenemo amaluma ngakhale utazimitsa. Ine malire anga anali pakhomo.

Chimene ankafuna chinali chimodzi basi. Mng'ono wawo, a Yotamu, anapita ku Halale ine ndili kumsana, kenako zii. Bambo anamva kuti kumeneko kuli anthu a mawailesi otere, ndipo ankakhulupirira kuti wina adzamva dzinalo n'kukawauza. Anakwera mu bulugama, n'kumanga waya wautali kukafika pa bulugama wina, pamwamba pa nyumba zonse za antchito.

Mayi sizinawasangalatse. Masiku amenewo munthu ankakwezedwa galimoto chifukwa cha mawu oyankhulira pamowa, osabweranso. Nanga oyankhulira m'mwamba, popanda chilolezo?

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, bambo anayesa bokosi lawo. Sankadziwa kuti mphamvu ikachuluka mawu amatayikira m'mawailesi apafupi. A kapitawo anali pakhonde ndi alendo, akumvera nyimbo za kwaya, mwadzidzidzi m'wailesi mwawo munatuluka mawu a bambo, okhuthala ngati oyankhulira mumtsuko: "Yotamu Phiri, Yotamu Phiri, kwanu akukufuna." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinayenda monyada pabwalo lonse. Mayi ankayang'ana amene sankaseka.

M'mawa mwake akazi a kapitawo anafika ndi nkhwani m'lichero.

"Koma Anachisale, amuna anu ndi mutu! Ndiye akumayankhula ndi akunja? Akumati chiyani akunjawo?"

"Ndi utsi wa injini uwo, amayi, wawalowa m'mutu," anatero mayi, akulandira ndi manja awiri. Mlendo atangokhota, nkhwani uja anapatsa mbuzi.

Tsiku lomwelo bambo anatumidwa ku Mitundu pa thirakitala. Mayi analowa m'kachipinda kaja, mmene anali asanapondemo. Mavalavu anawazula ndi nsanza monga amazulira chinangwa, n'kukawaponya m'chimbudzi. Wailesi ya mzungu anaiika m'beseni, pamwamba zovala zakuda, n'kusenza kupita kudamu dzuwa likuswa mtengo, akupatsa anthu moni m'njira. Pobwera beseni linali lopepuka. Waya anaukoka ndi nsungwi mpaka unaduka, n'kuumanga m'munsi, n'kuyanikapo matewera a mlongo wanga. M'bokosi muja anayalamo udzu ndi mazira, n'kukhazikamo nkhuku yathu yofungatira.

Bambo atabwera anaima pakhomo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangotola kawaya kamkuwa pansi n'kuika m'thumba.

Sabata isanathe anabwera anyamata achipani ndi wapolisi wa panjinga. Anagudubuza mphasa, anasuzumira mpaka m'nkhokwe. Wina anapisa dzanja m'bokosi, nkhuku n'kumujompha.

"Wailesi ili kuti, mayi?"

Mayi anagwada. "Ife n'kukhala ndi wailesi, bwana? Koma a kapitawo ndi amene ali nayo."

A kapitawo atafunsidwa anati Lamulungu lija anali m'tulo. Anyamata aja anawatengabe bambo. Bambo anabwera mawa lake wapansi kuchokera ku Nathenje, mlomo wotupa, nsapato alibe. Koma anabwera.

Nyengo yonseyo ndinawada mayi. Ndinkati apha mawu a bambo, ndipo atsekera a Yotamu kunja. Nkhuku inaswa, anapiye n'kumatuluka m'bokosi la bambo, ine osafuna ngakhale kuwaona. Fodya anauma, anapita ku okushoni, ndipo za a Yotamu sitinamvenso mpaka lero.

Tsopano zidzukulu zanga zimayankhula pafoni pabwalo, mokweza, kutchula maina ndi malo. Ndikafunsa kuti akumva ndani, zimaseka, ati agogo mumakayikira ndi nkhuku zomwe. Ndimangozisiya. Sindinadziwe ngati nkhwani uja unali msampha kapena chenjezo, ndipo ndiwo zobwera ndi mafunso nanenso ndimapatsa mbuzi.

Ndili mwana ndinkayesa kuti ukaitana munthu ndi dzina, amamva ndi yekhayo. Mayi ankadziwa kuti waya uja unadutsa pamwamba pa nyumba zonse. Bambo anakalamba, ananyamula mwana wanga woyamba, ndipo kawaya kaja tinakapeza m'thumba la jekete lawo titawaika m'manda. Mayi anakatenga, n'kukamanga pansonga ya chitenje chawo.