Zala za Bambo

Nditakhala zaka ziwiri ku Nsaru ndi digiri yopanda ntchito, ndinaganiza zopita ku Joni. Bambo sanatsutse. Anali m'chigafa akusoka fodya, ndipo anangoti ndikakafika ndikaimbe foni.

Kumeneko ndinalembedwa mu situdiyo ya zithunzi za maukwati. Ntchito yanga inali kusalaza nkhope, kuwalitsa khungu ndi kufufuta chilichonse chimene mwini chithunzi sakanakonda kuona. Pofuna kuima pandekha, ndinatha miyezi itatu ndikusankha laputopu. Ndinkayerekeza masikirini, kufunafuna yoonetsa mitundu mosanama, ya mphamvu zokwanira kuti isamaime ntchito ili m'kati. Mlongo wanga Esinati analemba kawiri kuti bambo agonekedwa kuchipatala. Ndinayankha kuti ndibwera mwezi wamawa. Koma ndalama ya basi ndinaiphatikiza pa laputopu yodula ija, podziuza kuti ibweza msanga. Patatha masabata atatu, maliro ndinawamvera pa foni, ndili ndekha m'chipinda cha lendi. Mpaka lero ndikaitsegula laputopuyo ndimakumbukira mtengo wake weniweni.

Ndinabwerera chaka chotsatira, pa nthawi yomanga chiliza. Chithunzi cha bambo chinalipo chimodzi chokha, chozilala, ndipo Esinati anali atachijambula pa foni n'kunditumizira. Ndinachikonza ndi luso langa lonse. Ndinachotsa chigafa kumbuyo kwawo, ndinawaveka jekete, ndinayeretsa zala zawo zodetsedwa ndi utomoni wa fodya. Ndinachiika mu felemu, ndikuganiza kuti ndikulipa mlandu.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi ooneka bwino bambo amenewa," anatero. "Kodi ndi a kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za kuwala ndi mitundu, koma anandidula mofatsa.

"Zala zakudazo ndi zimene zinakuphunzitsani. Mwazitsuka eti?"

Iwo anatsegula buku lawo la nyimbo n'kutulutsa chithunzi chozilala chija, ndipo ndi chimenecho chimene abale anapatsirana pa tsiku la chiliza. Mmodzi wa akulu a mpingo analoza chigafacho n'kunena kuti anathandiza nawo kuzika mitengo yake.

Za kusabwera kwanga kumaliro palibe anandifunsa, ngakhale Esinati. Apa m'pamene ndinakudziwa kwathu: anali atandikhululukira kale kuti sindinawaike bambo m'manda. Chimene sanalole n'chakuti ndichite nawo manyazi. Felemu ija ikadali pansi pa sutikesi, ndipo palibe amene anaifunsapo.