Bondwe wa ba Blackson

Ku komboni ya George, ba Blackson timawakumbukirabe ndi ovolosi yawo yabuluu. Makolo awo anachokera ku Dedza, koma iwo anali a m'tauni enieni, zaka makumi awiri akuyendetsa makina pa fakitale ina ku Industrial. Masiku amenewo kunali kukoma. Lachisanu lililonse pakhomo pawo pankanunkhira nyama, oyandikana nawo akungomeza malovu. Bondwe, amene kwawo amati bonongwe, iwo ankamutcha chakudya cha mbuzi.

Boma litayamba kugulitsa makampani, fakitale ija inatsekedwa. Nyama inatha, koma matama sanathe ayi. Ndiwo zinasanduka kabichi woyera mbee, wongowiritsa, bola wogula pamsika.

Kenako mwana wawo wotsiriza, Tiwo, wa zaka zisanu, anayamba kupunthwa dzuwa likangolowa. Mbale ankaifufuza ndi manja. Ku kiliniki nesi anamumwetsa kapisozi wa vitamini A, nawauza bambowo mosapsatira: "Muzimudyesa masamba yobiriwira, bondwe, chibwabwa, kalembula, muikemo nshawa. Mukachedwa, maso aya yazafa."

Ba Blackson anagwidwa mantha, pakuti mwanayo anali wapamtima pawo. Ankadziwa pomwe bondwe anamera yekha: kuseri kwa fakitale yawo yomweyo, pamene kale pankaima malole. M'mawa ankavala ovolosi ngati akukafuna ganyu, n'kukathyola masamba, n'kuwabisa m'thumba lakale la ufa. Pobwerera ankadikira chisisira kuti alowe mu komboni osaonedwa. Munthu wandevu zake, kuzemba ngati wakuba chifukwa cha ndiwo, manyazi ndi matenda ndithu. Akazi awo, ba Elina, nawonso ankasinja nshawa chitseko chili chotseka.

Anatero miyezi iwiri. Tsiku lina, mdima ukuyamba, ankakhota pa mpopi pomwe amayi anali pamzere ndi zigubu zawo. Thumba linali litang'ambika pakona, masamba akusuzumira kunja. Kuchokera pakhomo pawo kunamveka kamawu ka Tiwo:

"Amama, ba tate abwela na bondwe!"

Mzere wonse unatembenuka, mayi wina mpaka kuseka. Ba Blackson anangoima chilili, kuyesa ndi maso mtunda wochokera pa mpopipo kukafika pomwe mwanayo anaima. Zinali nyumba zisanu ndi imodzi, m'chisisira choterocho. Anatula thumba pansi, nakhala pamwala, n'kulira pamaso pa anthu onsewo.