Mkamwini ndi Pulagi ya Giyabokosi

Inu amene mwakhala pansi chifukwa zinthu zakukanani, tamvani za munthu wina amene anzake ankamutchula kuti Ndiyesako.

Lachinayi lina m'mawa, Ndiyesako anali chagada pansi pa galimoto ya apongozi ake aamuna, oilo nkhope yonse. Anali atatsegula pulagi ya pansi pa giyabokosi, oilo yense wakale n'kukhuthukira m'beseni. Atati atsegule pulagi ya m'mbali, yothirira oilo watsopano, anapeza kuti ilibe mutu woti sipanala igwirepo. Inangokhala ndi kadzenje ka ngodya zinayi. Amakaniko amayamba atsegula yothirira, kenako yokhuthulira. Iye zimenezi anaziphunzira tsiku lomwelo, oilo ali kale m'beseni.

Munthuyu anali atayesa zambiri. Anayesa kumeta, anthu ankatuluka m'shopu mwake atavala zipewa. Anayesa kuweta nkhuku, zinafa sabata imodzi ngati zachita kupangana. Mapeto ake iye, mkazi wake ndi khanda lawo anakakhala kwa apongozi, m'kachipinda kosungiramo matayala akutha. Ataonerera amakaniko pa galaja ina kwa miyezi iwiri, anauza apongozi kuti tsopano ntchito waidziwa.

Apongoziwo galimoto imeneyi ankaipukuta m'mawa uliwonse iwo eni asanasukusule. Anawerama, anayang'ana beseni, kenako mapazi a mkamwini wawo.

"Akamwini, Loweruka ndili ndi msonkhano wa anzanga opuma pantchito. Galimotoyi ikapanda kuyenda, muyenda ndinu. Mwana wanga ndi mdzukulu wanga atsala."

Ndiyesako analowetsa sikuludiraiva m'kadzenjeko, inapindika. Anayesa pulayala, inangomuluma chala. Ndiye anatenga sopo, n'kumudinda pa pulagipo kuti kadzenjeko kaonekere bwino, n'kuyamba kuyenda naye m'mashopu a zitsulo.

Wa shopu yoyamba ananunkhiza sopoyo n'kunena kuti iwo sagula kwa ogulitsa oyendayenda. Wachiwiri anatulutsa bokosi lodzaza ndi makiyi omasulira mabauti, a ngodya zisanu ndi imodzi, n'kumulangiza kuti agule imodzi akaseme ngodya ziwirizo. Wachitatu anati chitsulo chotero amachita kuitanitsa, adikire masabata atatu. Mkulu wa pa galaja ija anali nacho, anachitulutsa, anamuonetsa mbali zonse, n'kuchibweza m'thumba. Anati chida chili ngati mswachi, sabwereketsa.

Lachisanu anayendanso mpaka nsapato kutseguka pakamwa. Dzuwa linali loswa mtengo, thukuta linafika m'thumba, sopo uja n'kusungunuka. Pobwerera kunyumba, mwendo umodzi wa thalauza unali ukuchita thovu, anthu akumupatuka m'njira.

Anapeza mkazi wake akumupindira malaya n'kumalongedza m'zikwama. Sanali wokwiya. Anangoti akufuna kuti mawa pasadzakhale chipwirikiti pamaso pa anthu oyandikana nawo, ndipo anatembenukira kukhoma kuti misozi isaoneke. Ndiyesako anayang'ana khanda lili m'tulo.

Anapita kubafa kuti akatsuke thovu lija. Chitseko chinali chotseka, ndipo handulo yake inali yogwedera kuyambira kalekale. Ataikoka, inazuka n'kutsala m'manja mwake, ya mkati n'kugwera pansi uko kuti gwa! Kunsonga kwa handuloyo kunali kachitsulo kaja kamene kamadutsa m'chitseko n'kulumikiza mahandulo awiri. Anawerenga ngodya zake. Zinayi.

Anathamangira kugalimoto nako osamva n'komwe kuti m'bafamo madzi akutsika ndipo munthu akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Kachitsuloko kanalowa m'kadzenje ngati kanabadwira momwemo. Anakagwira ndi sipanala, anaonjezera paipi kuti mphamvu ichuluke, n'kukoka. Kanayamba kupotoka. Anakukuta mano, anaponda tayala, n'kukokanso. Pulagi inalira kuti kwe, n'kuzungulira.

Nthawi imeneyo nyimbo ya m'bafa inali itasanduka zibakera pachitseko. Mkazi wake anabwera akuthamanga n'kugwada pambali pa galimoto.

"Bambo a mwana, mwatsekera bambo m'bafa. Akuti mubwere ndi handulo pompano."

"Auzeni asambe kachiwiri, mayi a mwana. Ndikatulutsa ichi, ndilibe chomangira."

Mkaziyo anayang'ana pulagi ili m'manja mwa mwamuna wake, anaimirira, n'kupita kukauza bambo ake kuti handulo akuifunafunabe. Ndiyesako anathira oilo ndi botolo ndi kapaipi mpaka anayamba kusefukira, anamanga pulagi, kenako anakabwezera kachitsulo pachitseko.

Apongozi anatuluka ndi thaulo m'chiuno, zala zitachita makwinya, maso ali psu. Asanatsegule pakamwa, mkamwini anagwada n'kuwapatsa kiyi ya galimoto ndi manja awiri. Analowa choncho ndi thaulo lawo. Analiza injini, anaponda kilatchi, analowetsa giya yoyamba, yachiwiri, mpaka ya m'mbuyo, zonse zikungolowa myaa. Anazungulira bwalo kawiri, n'kutsitsa galasi.

"Akamwini, masulani zikwama. Koma handulo ija muikonze lero lomwe."

Ku msonkhano kuja apongozi anafotokoza nkhaniyi pofuna kudandaula. Koma anzawo atatu anali ndi magalimoto a mtundu womwewo, a pulagi zoti sizinatsegulidwepo kwa zaka, ndipo Lolemba onse anali pakhomo. Ndiyesako anatola tizitsulo ta zitseko zakutha, anapita nato kwa owotcherera, anapanga zida za misinkhu yosiyanasiyana. Magalimoto okalamba amene ena ankawakana anayamba kufika kwa iye. Lero ali ndi galaja yakeyake ndi nyumba yake, ndipo apongozi akamayenda amauza aliyense kuti makaniko ameneyo anamuphunzitsa ndi iwo.

Abale anga, mashopu onse akakukanani, musakhale pansi n'kupinda manja. Chida chimene mukuchifuna chilipo, mwina chili m'nyumba momwe mukuliriramo. Osataya mtima. Koma musanazule handulo, gogodani kaye.